Kandege kanu katera pa chiyani? Zomwe mchenga wa kwa Maganga udatiphunzitsa

Ulendo woyamba wa kandege ka mwana wa mlongo wanga sudakwane masekondi asanu, ndipo kandegeko sikadachoke n'komwe pansi.

Lidali Loweruka m'mawa m'mphepete mwa nyanja ku Senga Bay, m'dera la mfumu yaikulu Maganga m'boma la Salima. Mnyamatayu atamaliza mayeso a Fomu 4 adatha miyezi iwiri akudula fomu, kumata ndi guluu, n'kumaonera mavidiyo pa YouTube mpaka bandulo kutha. Mota, batire, rimoti ndi ma servo adaitanitsa kudzera mwa msuweni wake yemwe amagwira ntchito ku Johannesburg, katunduyo n'kubwera pa basi. Kandegeko kadali kokongola, sindinama ayi. Kadali ndi matayala atatu ngati ndege zomwe timaziona pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi: limodzi kumphuno, awiri pansi pa mapiko.

Adakaika pamchenga ana atazungulira, n'kukankha kandodo ka moto pa rimoti. Mota idalira. Kandege kadasuntha mwina mita imodzi, tayala lakutsogolo lidalowa mumchenga ngati khasu, mchira udadzuka, pulopela n'kumenya pansi, thyo! Ana adaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Asodzi omwe amasoka ukonde chapafupi adangotukula maso n'kupitiriza ntchito yawo.

"Amalume, ndiye basi zatha?" adandifunsa atagwira zidutswa ziwiri za pulopela m'manja.

Pulopela ina adalibe. Kuti yatsopano ifike padatha masabata asanu.

Achinyamata ambiri omwe ayamba kutengeka ndi zopanga tindege touluka ndi rimoti amathera nzeru zawo pa mapiko ndi mota. Za miyendo ya ndege amaziganizira kumapeto, ngati zokongoletsera chabe. Komatu kwa munthu wophunzira, ndege siwonongeka m'mwamba. Imawonongeka pamalo awiri: ponyamuka ndi potera. Ndipo kuno kwathu, komwe kachipangizo kakang'ono ngati chala kamachita kudikira munthu wochokera ku Joni kapena phasulo yochokera ku China, kulakwitsa posankha miyendo kukhoza kukugonekani mwezi wathunthu osaulutsa.

Si masewera a ana okha

Wina anena kuti izi n'zidole. Ayi ndithu. Mwezi wa June chaka cha 2017 boma la Malawi pamodzi ndi UNICEF lidatsegula malo oyeserera ndege zopanda munthu mkati, ma drone aja, mozungulira bwalo la ndege la Kasungu, makilomita 40 mbali zonse. Chaka chomwecho mu November, ophunzira a m'dziko muno mothandizidwa ndi aphunzitsi a yunivesite ya Virginia Tech ya ku America adapanga ndege yotchedwa EcoSoar, ya fomu ndi tizidutswa tosindikiza pa makina a 3D. Idauluka yokha makilomita 19 kuchoka pachipatala cha Gogode kukafika pabwalo la Kasungu. Mu January 2020 ku Lilongwe kudatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, yomwe imagwira ntchito limodzi ndi yunivesite ya MUST ya ku Thyolo, ndipo kumeneko achinyamata amaphunzira kupanga ndi kuulutsa ndege zoterezi.

Choncho mnyamata yemwe akudula fomu pakhonde kwa Maganga ali pa msewu womwewo, kungoti ali koyambirira. Ndipo taonani chinthu chimodzi. Ndege za kampani ya Zipline zomwe zidayamba kunyamula magazi ku Rwanda mu 2016 zilibe matayala: amaziponya ndi makina ngati legeni, pobwera n'kuzikola ndi chingwe m'mwamba. Za Wingcopter zomwe zanyamula mankhwala ku Kasungu, ndi za Swoop Aero zomwe zagwira ntchito ku Nsanje ndi ku Chikwawa, zimanyamuka chokwera molunjika ngati helikopita. Mainjiniya onsewa adafunsa funso lomwe ife tidaiwala kufunsa Loweruka lija: kodi komwe tikupitako kuli bwalo lotani?

Yambani ndi zala ziwiri

Musanagule tayala ngakhale limodzi, nyamulani ndege yanu, batire lili m'kati, muiike pansonga za zala ziwiri, chala chimodzi pansi pa phiko lililonse. Sunthani zalazo mpaka mupeze pomwe ndege ikukhala phee, osagwera kutsogolo kapena kumbuyo. Pamenepo ndi pomwe kulemera konse kwa ndege kwakumana. M'mavidiyo mumva akuti CG. Pa ndege yophunzirira ya phiko lowongoka, malowa amayenera kukhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, osapitirira limodzi mwa atatu, a mulifupi mwa phiko kuchokera kutsogolo. Lembanipo ndi cholembera.

Nkhani yonse ya miyendo yagona pa kadontho kameneka. Matayala aakulu awiri akakhala kumbuyo kwake, ndege imagwera kutsogolo, ndiye pamafunika tayala lakumphuno. Akakhala kutsogolo kwake, ndege imakhalira mchira, ndiye pamafunika katayala kapena kawaya kumchira. Basi. Mitundu iwiri ija ya tricycle ndi taildragger yomwe anthu amakanganirana pa intaneti kusiyana kwake n'kumeneku.

Tayala lakumphuno: mfumu ya pa tara

Tinene chilungamo: pa malo osalala ndi olimba, ndege ya tayala lakumphuno ndi yosavuta kuposa zonse. Popeza kulemera kuli kutsogolo kwa matayala aakulu, ikapatuka pang'ono imadziwongola yokha. Potera, ikangogunda pansi mphuno imatsika, phiko limasiya kunyamula, ndege n'kukhazikika osadumphadumpha. N'chifukwa chake kampani ya Cessna itatenga ndege yake ya 170, yomwe idali ndi tayala kumchira, n'kuiika tayala kumphuno, mu 1956 idatulutsa Cessna 172 yomwe yapangidwa yambiri kuposa ndege ina iliyonse padziko, ndipo sukulu zambiri zophunzitsa oyendetsa ndege zimadalira yomweyo. Tindege tophunzirira todziwika monga E-flite Apprentice ndi HobbyZone AeroScout nato tili ndi tayala kumphuno.

Vuto ndi lakuti anthu omwe amajambula mavidiyo aja amaulutsira pa tara kapena pa kapinga wometa bwino wa kalabu yawo. Ife tara tili naye pa msewu wochoka ku Salima boma kupita ku Senga Bay, ndipo pamenepo pamadutsa ma minibasi, njinga zamoto za kabaza, mbuzi ndi ana asukulu. Si bwalo la ndege limenelo, musayerekeze.

Pamchenga wofewa zimachitika ndi izi. Pulopela ili m'mwamba ikukoka ndege kupita kutsogolo, pomwe mchenga uli pansi ukugwira matayala. Mphamvu ziwirizi zikakumana, ndege imawerama, kulemera kwambiri n'kupita pa tayala lakumphuno. Tayalalo likalemedwa limazama, likazama mchenga umaligwira kwambiri, ndipo inu poona kuti ndege sikuyenda mumawonjezera moto, zomwe zimaliponderezanso pansi. Mapeto ake ndi omwe tidaona ife. Ngakhale pabwalo la mpira, kadzenje kamodzi kapena chitsinde cha udzu chimakwana kupinda mwendo wakutsogolo. Choipitsitsa n'chakuti pa ndege zambiri tayalali limalumikizidwa ku servo yomwe imawongolanso chiwongolero cha kumchira. Tayala likamenya mwala, mano apulasitiki a m'kati mwa servo amagweluka, ndipo mwina simudziwa mpaka ndege ili m'mwamba ikukana kukhota.

Ine ndiye ndinganene mosabisa mawu: ngati mulibe bwalo la simenti kapena dothi lolimba losalala lotalika mamita makumi angapo, tayala lakumphuno lisiyeni kaye.

Tayala lakumchira: lolimba koma lamakani

Pitani mukaone zithunzi za ndege zomwe zimatera m'mbali mwa mitsinje ku Alaska, pa miyala ndi pamchenga. Zambiri ndi za mtundu wa Piper Cub, matayala awiri akuluakulu kutsogolo, kakang'ono kumchira. Chifukwa chake n'chomveka. Mphuno imakhala yoloza m'mwamba, choncho pulopela ili patali ndi nthaka. Palibe mwendo wofooka kutsogolo woti uyambe kukumana ndi dzenje. Miyendo ndi iwiri m'malo mwa itatu, ndiye ndege imapepuka, ndipo kupanga kwake n'kosavuta: waya umodzi wopinda bwino, matayala awiri, kumchira kawaya kokwawa pansi.

Koma ili ndi khalidwe lake. Munaonapo wa njinga atasenza matumba awiri a makala kumbuyo, n'kugwira buleki yakutsogolo yokha pakona? Katunduyo amafuna apitirire, njinga n'kutembenuka. Ndege ya tayala lakumchira ili chimodzimodzi, popeza kulemera kwake kuli kumbuyo kwa matayala aakulu. Ikangopatuka pang'ono pothamanga, mchira umafuna kupitirira mphuno, ndipo mukachedwa kuwongola ndege imazungulira pomwepo, nsonga ya phiko n'kukhula pansi. Mukaika moto wonse mwadzidzidzi, mphamvu ya pulopela imaikokera kumanzere. Mphepo ikachokera m'mbali, imakankha mchira, ndege n'kutembenukira komwe mphepoyo ikuchokera ngati tambala wa pa denga la tchalitchi.

Zonsezi zili ndi mankhwala ake. Moto muziwonjezera pang'onopang'ono, osati kamodzi. Poyamba kuthamanga gwirani kandodo kokwezera mphuno chakumbuyo kuti mchira ukanikizike pansi, ndipo liwiro likayamba kukwera kabwezeni pakati, apo ayi ndege idzadzuka isanakhwime n'kugwa chammbali. Chala cha pa chiwongolero cha kumchira chisagone.

Pomwe muike matayala ndi pomwe pali luso. Mukayang'ana ndege chammbali, pakati pa tayala pakhale molunjika ndi m'mphepete mwa phiko mwakutsogolo, kapena patsogolo pake pang'ono. Mukawabweza m'mbuyo kwambiri, ndege izigwa chamutu nthawi iliyonse udzu ukagwira tayala. Mukawapititsa patsogolo kwambiri, izidumpha potera ngati chule ndipo kuzungulira kuja kumakula. Pa bwalo lokhakhala ndi bwino kulakwira cha kutsogolo. Atalikirane bwino, komanso muwapinde pang'ono zedi kuti kutsogolo kwake kuyang'anane. Akayang'ana kunja ndege siyenda mowongoka ngakhale mutapemphera.

Ndipo matayala akhale aakulu. Tating'ono tomwe timabwera m'bokosi tidapangidwira tara. Pa ndege ya mapiko otalika mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, tayala la masentimita 7 mpaka 9 limadutsa pomwe la masentimita 4 limakodwa. Imaoneka ngati mwana wavala nsapato za bambo ake, inde, koma imayenda.

Njira yachitatu: kuchotseratu

Apa ndi pomwe mwana wa mlongo wanga adakana poyamba. Kwa iye ndege yopanda matayala si ndege, ndi kaiti. Ndidachita kumukumbutsa nkhani yomwe ili m'mabuku.

Pa 17 December 1903 abale awiri, Orville ndi Wilbur Wright, adaulutsa ndege yoyamba ya injini pafupi ndi Kitty Hawk ku North Carolina. Anthuwa ntchito yawo idali yokonza ndi kugulitsa njinga ku Dayton, ndiye matayala sadali achilendo kwa iwo. Koma malo omwe adasankha adali a mchenga ndi mphepo, ngati kwathu kunyanja kuno, ndipo ndege yawo sadaiike matayala. Idanyamukira pa kanjanji kamatabwa ka mamita pafupifupi 18, n'kutera pa timitengo tokwawa pamchenga. Ulendo woyambawo udatenga masekondi 12, mtunda wa mamita 37. Mchenga omwe umadya matayala ndi womwewo umalandira bwino ndege yotera chamimba.

Kwa wophunzira, ubwino wa kandege koponya ndi dzanja ndi waukulu kuposa momwe ambiri amaganizira. Choyamba, gawo lonse lothamanga pansi, lomwe limathyola zinthu, mwalidumpha. Chachiwiri, mukachotsa waya, matayala ndi kathabwa kogwira miyendo, ndege imapepuka, ndipo ndege yopepuka imatha kuuluka pang'onopang'ono. Ndege yoyenda pang'onopang'ono imakupatsani nthawi yoganiza, makamaka nthawi ija ikubwera moyang'anana nanu pomwe kumanja kumasanduka kumanzere ndipo mutu umaima. Ikagwa, imagwanso ndi mphamvu yochepa. Batire nalo limakhalitsa.

N'chifukwa chake tindege monga Multiplex EasyStar, Bixler ndi Sky Surfer taphunzitsa anthu ambirimbiri padziko. Tonseti mota yake ili pamwamba, kumbuyo kwa phiko, ikukankha m'malo mokoka. Mphuno ndi fomu yokhayokha. Mukalakwitsa n'kumenya pansi chamutu, fomu imakwinyika, mumamata ndi selotepi, pulopela ili bwinobwino. Ngati mukudzipangira nokha, kopani maonekedwe amenewa. Anyamata a Flite Test a ku Ohio amapereka ulere mapulani a ndege za fomu, ndipo FT Tiny Trainer yawo imaponyedwa ndi dzanja. Iyo mota ili kumphuno, choncho imafunika kachipangizo kogwira pulopela ndi kamphira kuti ikagunda pansi ipendekeke m'malo mothyoka.

Kaponyedwe kake si ka mwala wothamangitsira anyani m'munda. Maulendo oyamba mnzanu ndiye aponye, inu manja onse ali pa rimoti. Agwire pansi pa phiko pafupi ndi kadontho kaja, ayang'ane komwe mphepo ikuchokera, moto ukhale wopitirira theka, n'kuikankha molunjika, mapiko ali ofanana, mphuno osaloza kumwamba. Anthu ambiri amaponya chokweza, ndege n'kutha liwiro, n'kugwera pamapazi awo. Potera, zimitsani mota ndege isanakhudze pansi, isiyeni iyandame, ndipo ikatsala pang'ono kwezani mphuno pang'ono. Pamimba pake matanipo selotepi yokhuthala yomangira makatoni, kapena chidutswa cha botolo la pulasitiki chodula chautali.

Mchenga wakuda uja

Pali mdani wina yemwe mavidiyo akunja satchula, chifukwa kwawo kulibe. Mukayenda m'mphepete mwa nyanja kuyambira ku Senga Bay kulowera ku Chipoka, muona mizere ya mchenga wakuda pomwe mafunde amalekezera. Gombe limeneli limadziwika ndi mchenga wokhala ndi miyala yolemera ya chitsulo. Tengani maginito a sipika yakale muwakoke pamenepo, muona atamera ndevu zakuda.

Tsono mota zomwe timagwiritsa ntchito pa tindegeti zili ndi maginito amphamvu m'kati, ndipo ndi zotsegula kuti mphepo izizizira. Mota yakumphuno ikangopsompsona mchenga umenewu imaumeza. Mukaizunguza ndi chala mumva ikukukuta. Musaiyatse ili choncho, chifukwa timiyalato timakanda mawaya a m'kati ndi kuwononga mabeyaring'i. Imasuleni, pukutani ndi burashi ya mano yakale, matani selotepi pa maginito n'kumatula kangapo mpaka ayere. Pampu ya njinga imathandiza kuuzira fumbi lotsala. Ichi ndi chifukwa china chomwe ndimati kunyanja kuno mota ikhale pamwamba pa phiko, kutali ndi nthaka.

Ena amati bwanji osathamangitsa ndege pamchenga wonyowa wa m'mphepete mwenimweni mwa madzi, poti ndi wolimba? Ndi wolimba zoona, koma ndi wopendekeka kulowera kunyanja, ndi wopapatiza, ndipo mphepo nthawi zambiri imaudutsa chammbali. Ndege ikapatuka, imapatukira m'madzi.

Mphepo mufunse asodzi

Palibe pulogalamu ya pafoni yomwe imadziwa mphepo ya pa Senga Bay kuposa bambo yemwe wapalasa bwato zaka makumi atatu. Miyezi yozizira, kuyambira cha mu May mpaka August, mwera umawomba kuchokera kummwera, nthawi zina masiku angapo osapuma. Tsiku lomwe asodzi akokera mabwato kumtunda, inunso ndege isiyeni m'nyumba. Kandege ka fomu kosakwana kilogalamu imodzi kamatengedwa ngati jumbo. Nthawi yabwino kwa wophunzira ndi m'mamawa dzuwa likungotuluka kapena madzulo likamapendeka, pomwe masamba a mitengo akungogwedera pang'ono. Kunyamuka ndi kutera komwe, mphuno iloze komwe mphepo ikuchokera. Ndipo mphepo ikamachokera kumtunda kupita kunyanja, musaulutsire pagombe ayi, chifukwa batire likafooka ndege yanu ikathera cha ku Namalenje.

Apanso ndege yoponya ndi dzanja imapambana. Ya matayala imatsata komwe bwalo laloza. Yoponya, mumangotembenuka inuyo.

Kutentha kwa mu October ndi November nako n'kofunika kukuganizira. Guluu wotentha uja wa kamfuti amafewa ndege ikakhala padzuwa la ku Salima, ndipo malo oyamba kumatuka ndi pomwe miyendo yagwira thupi. Ndege ndi mabatire a LiPo zikhale pamthunzi. Batire lomwe latupa kapena labooka pa ngozi musalitchajenso, ndipo osatchaja m'chipinda chogona n'kupita kukaonera mpira. Mabatire amenewa akayaka sazima msanga.

Mukafuna kupanga miyendo, pitani kwa okonza njinga

Tsiku lidzafika lomwe mudzafune matayala, ndipo ndi bwino, chifukwa kunyamuka ndi kutera pa matayala ndi luso lomwe woyendetsa aliyense ayenera kukhala nalo. Zipangizo zambiri zili pamsika pompano.

Waya woyenera ndi wachitsulo cholimba chomwe chimabwerera chikapindika, omwe m'masitolo akunja amautcha piano wire. Waya wa mpanda kapena wa hang'ala, womwe tidakulira nawo popanga magalimoto a mawaya, ndi wofewa: kutera kumodzi kokha miyendo yatambalala ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa. Masipoko a njinga, omwe kunenepa kwake ndi pafupifupi mamilimita awiri, amakwanira pa kandege kopepuka. Pa ndege yolemerako phatikizani awiri n'kuwamanga ndi ulusi wopaka guluu, kapena funani masipoko a njinga yamoto. Popinda musabwereze kawiri pamalo amodzi, amathyoka.

Matayala dulani ku mapatapata akutha. Jambulani bwalo ndi kapu, dulani ziwiri, phatikizani ndi guluu wa nsapato, pakati lowetsani kachidutswa ka chubu cha bolopeni kuti waya uzizungulira momasuka. Kunsonga tsekani ndi kachitsulo ka sikuluu ka m'kati mwa zolumikizira mawaya amagetsi. Matayala amenewa ndi opepuka, amameza kugunda, ndipo minga sawaopsa.

Chinsinsi chachikulu ndi kamangidwe. Musamatire miyendo ku thupi la ndege mpakana kalekale. Ikani kathabwa kopyapyala pansi pa thupi, pyozani timitengo tiwiri chopingasa, miyendoyo muimange ndi timalamba todula ku chubu cha njinga. Mukatera moipa, mphira umatambasuka kapena kuduka, miyendo imachoka yokha, mimba ya ndege n'kutsala yosang'ambika. Kachinthu kotchipa ndiko kathyoke, kodula katsale. Komanso tsiku lomwe mwapita kugombe mumangomasula n'kuponya ndi dzanja. Mukaika kapena kuchotsa miyendo, bwererani ku zala ziwiri zija, chifukwa kadontho kamasuntha.

Bwalo labwino la matayala ndi la mpira la pasukulu nyengo yachilimwe, dothi litauma gwa. Liyendeni kaye wapansi, muchotse miyala ndi kuona maenje. Mvula ikagwa udzu n'kukula, bwererani ku dzanja.

Nanga pamadzi?

Funso ili silephera, poti nyanja ili pakhomo. Ndipo mbiri ilipo: m'zaka za 1949 ndi 1950 ndege zikuluzikulu za kampani ya BOAC zochokera ku Southampton kupita ku South Africa zinkatera pamadzi ku Cape Maclear. Tindege ta rimoti natonso timaikidwa zoyandamitsa ziwiri m'malo mwa matayala. Koma si za chaka choyamba. Zimalemera, zimafuna mota yamphamvu, ndipo kafunde kakang'ono kamagubuduza ndege. Pamtunda mukagwetsa mumakatola zidutswa. Pamadzi mumakabwereka bwato, ndipo kufupi ndi mathiriro a mitsinje ndi m'mabango kuli eni ake, ng'ona ndi mvuu.

Anthu, asilikali ndi mphekesera

Pulopela yozungulira imadula chala mpaka fupa. Kulikonse komwe mungapite ana adzabwera, ndiye pezani mnzanu mmodzi ntchito yake ikhale yowaimika kumbuyo kwanu. Musaulutse pamwamba pa anthu, pa thandala la usipa, pa nyumba kapena pa malo ogona alendo. Ku Senga Bay kuli asilikali a maparachuti, ndipo m'boma lomweli muli sukulu ya asilikali ya MAFCO komanso bwalo la ndege. Khalani kutali ndi malo onsewa. Mukadzafuna kuika kamera kapena kugwira ntchito yolipidwa, kafunseni kaye malamulo kwa akuluakulu oona za maulendo apandege. Ndipo kamera pagombe pomwe amayi akusamba ndi kuchapa, imeneyo ndi milandu ya kwa mfumu.

Pitani mukalonjere a mfumu, aphunzitsi aakulu ngati ndi bwalo la sukulu, kapena a komiti ya pagombe, muwaonetse ndegeyo ili m'manja. Dziko lathu lino mawu akuti ndege akamveka kumudzi ena amaganiza za lichero, ndipo tonse tikukumbuka zomwe mphekesera za anamapopa zidachita mu 2017. Agogo akaigwira n'kuona kuti ndi fomu ya m'katoni ya TV ndi masipoko, amaseka, mawa lake ndi omwe amakuikirani kumbuyo.

Podikira katundu, musangokhala. Pulogalamu ya PicaSim ndi yaulere pa foni za Android ndi pa kompyuta, ndipo kumeneko mukhoza kugwetsa ndege ka 100 osalipira kalikonse.

Masabata asanu aja mwana wa mlongo wanga adawathera pa foni yomweyo komanso pa mpeni. Adadula thupi latsopano, mota n'kuikweza pa kansanja kumbuyo kwa phiko, matayala onse atatu n'kuwaponya m'katoni. Pulopela zitafika, ulendo uno zinayi, tidadzuka mdima usanathe n'kupita pa bwalo la mpira. Ndidaponya ndine. Kandege kadatsika pang'ono ngati kagwa, kenako kadagwira mphepo n'kukwera. Adakazunguza kawiri mozungulira bwalo manja akunjenjemera, adazimitsa mota mochedwa, n'kukateretsa kuseri kwa golo m'ziputu za chimanga. Phiko lidakwinyika kunsonga. Tidamata ndi selotepi, ndipo m'mawa womwewo adaulutsanso katatu mpaka mabatire onse awiri kutha.

Pano ali pa ndege yachitatu, ya tayala lakumchira, matayala ake a mapatapata obiriwira omwe mayi ake akuwafunabe. Imazungulirabe pansi akafulumira pa moto. Tayala lakumphuno lija adapatsa mwana wa oyandikana nawo, ndipo lili kutsogolo kwa galimoto ya mawaya.